Firiza ikuundana koma m'munsi mukufunda: musathamangire kudzaza gasi

Mafiriji ambiri amene amabwera kwa ine kuno ku Dedza boma, ena kuchokera ku Bembeke, Linthipe ngakhale ku Lizulu, eni ake amafika atagamula kale mlandu: "Amisiri, gasi watha." Ndikafunsitsa, ndimamva kuti kumwamba nyama ndi mafirizesi zikuuma gwaa, koma m'munsi chambiko chasasa ndipo thobwa wafunda. Ndikangomva zimenezo, za gasi ndimayamba ndaziika pambali. Firiji yopanda gasi singaumitse nyama.

Mafiriji ambiri a zitseko ziwiri olembedwa kuti No Frost kapena Frost Free amapangira kuzizira malo amodzi okha: kuseri kwa chivundikiro cha m'kati mwa firiza, komwe kuli timapaipi topindapinda. Pomwepo pali kafani kamene kamakankha mpweya wozizira kudzera m'kanjira kupita m'chipinda cham'munsi. Kanjirako kakatsekeka kapena kafaniko kakaima, firiza imakhalabe yozizira pamene m'munsi mukufunda. Ndiye ntchito yanu ndi yofufuza pamene mpweya waimira.

Yambani ndi zosalira ndalama. Onani timabowo totulutsa mpweya m'zipinda zonse ziwiri. Amayi ochita geni ya mafirizesi amadzaza firiza mpaka chitseko kuchita kukankha ndi bondo, timabowo tonse n'kutsekeka ndi majumbo. Chotsani katundu wina, pakhoma lakumbuyo pasiyidwe mpata. Onaninso kopotokola kosinthira kuzizira, mwina ana anakaseweretsa. Pa mafiriji ambiri nambala yaikulu ndiyo yozizira kwambiri. M'munsi muyenera kukhala pa madigiri 3 mpaka 5, pamene firiza ikhale pa -18. Mukasintha chilichonse, dikirani maola angapo musanagamule.

Kenako mverani fani. Tsegulani firiza kompuresa (kainjini ka kumbuyo kwa firiji) ikulira, dinani kabatani ka pachitseko ndi chala, chifukwa fani imaima chitseko chikatseguka. Muyenera kumva kulira kwake ndi kamphepo padzanja. Kukakhala zii, dikirani theka la ola n'kuyesanso, popeza mwina mwaipeza pa nthawi yosungunula ayezi. Ikakhalabe chete, mota yafa kapena waya waduka, ndipo makoswe amaudziwa bwino waya umenewu. Mukamva kuti kerekere, ndiye kuti mapiko a fani akukhula ayezi.

Ayezi ameneyu ndiye amene ndimamupeza kawirikawiri. Firiji ya No Frost ili ndi hita pansi pa timapaipi tija, imene imayaka kwa mphindi zochepa kangapo patsiku kuti chisanu chisungunuke, madzi n'kutsikira m'kambale ka pamwamba pa kompuresa. Hitayo ikapsa, kapena tayima yoiyatsa ikaima, kapena kachipangizo komva kutentha kakafa, chisanu chimaunjikana pang'onopang'ono mpaka kutseka njira yonse. Inu simungachione chifukwa chili kuseri kwa chivundikiro. Nthawi zina mumangoona kachisanu koyera kakutulukira m'timabowo.

Kuyesa kwake n'kosavuta, kungoti kumafuna kudekha. Samutsirani nyama kwa aneba, zulani pulagi, tsegulani zitseko zonse, yalani matawulo akale pansi, ndipo isiyeni maola 24 athunthu. Ena amati, "Magetsi anathima tsiku lonse dzulo, ayezi anasungunuka kale." Ayi. Zitseko zikakhala zotseka, ayezi wa kuseri uja amangonyowa pamwamba, magetsi akabwera n'kuumanso molimba kuposa kale. Ndipo chonde, mpeni usayandikire. Timapaipi tija ndi ta aluminiyamu wofewa, ndipo mafiriji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a amene amayaka moto. Ngati mwafulumira, ikani beseni la madzi ofunda m'firiza, muzisintha akazizira.

Mukaiyatsa n'kuona kuti m'munsi mwayamba kuzizira bwino, musatayirire. Iyang'anireni sabata imodzi kapena ziwiri. Vuto likabwereranso, ndiye kuti chimodzi mwa zipangizo zosungunula zija chinafa. Apa ndiye poitana mmisiri, ndipo mumuuze zonse zimene mwaona. Wodziwa ntchito adzatsegula chivundikiro n'kuyeza hita pogwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi asanakutchulireni mtengo.

Labala wa pachitseko nayenso amabweretsa ayezi, makamaka nthawi ya dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi. Panani ndalama ya pepala ya K1,000 pachitseko n'kuikoka. Ikatuluka mosavuta, pamenepo pakulowa mpweya. Yesani m'mbali zonse. Nthawi zambiri kungotsuka labalayo ndi madzi ofunda ndi sopo kumathandiza, koma wong'ambika ngwosintha basi.

Kumbuyo nako kuonedwe. Pulagi itazulidwa, sasani fumbi ndi kangaude pa timapaipi takuda, ngati firiji yanu ili nato poonekera, ndipo isagunde khoma; siyani mpata wa masentimita 10. Kuno kuzizira kwa June ndi July kumabisa matenda a firiji. Mkaka sukuwonongeka chifukwa nyumba yonse ndi yozizira kale, ndiye anthu amadzadzidzimuka mu October n'kumati yangowonongeka mwadzidzidzi.

Fani ikulira, ayezi mulibe, koma m'munsi simukutuluka mphepo? Pa mafiriji ena pali kachitseko kakang'ono m'kanjira kaja kamene kamatseguka ndi kutseka kokha. Kakhoza kukakamira kali kotseka. Kameneka asiyireni amisiri.

Pali mtundu wina umene mawu oti "gasi watha" amatha kukhala oona. Ndi mafiriji opanda fani, amene chisanu chimamera poonekera m'makoma a firiza. Mwa ambiri oterewa gasi amayamba wadutsa m'firiza kenako n'kufika kukhoma la m'munsi, choncho akachepa, m'munsi ndimo mumayamba kufunda. Zizindikiro zake n'zakuti kompuresa imalira osapuma, chisanu chimagwira mbali imodzi yokha ya firiza, ndipo khoma lakumbuyo m'munsimo limakhala louma ndi lofunda. Komabe gasi wa firiji sapsa n'kutha ngati wophikira. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo wodzaza osapeza bowolo adzakudyeraninso ndalama mwezi wamawa. Funsani kuti bowo lili pati, akuonetseni. Onaninso kapepala komatidwa m'kati kapena kumbuyo kwa firiji: ngati palembedwa R600a adzaze ameneyo, ngati ndi R134a adzazenso yemweyo, osasakaniza.

Pa kuyesa konseku, mukazula pulagi dikirani mphindi 5 musanaibwezere, kuti kompuresa isadzuke movutika. Fridge guard, kachipangizo koikidwa pakati pa pulagi ya firiji ndi soketi, imachita zomwezo yokha magetsi akamathimathima, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompuresa yatsopano.