Momwe mungapangire MBA n'kuyambitsa kampani yotumiza katundu kunja muli ku Dedza konkuno

Sankhani kaye katundu musanasankhe sukulu. Ambiri amathamangira MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, kuti pepala lipezeke, bizinesi adzaiganizire akamaliza, ndiye amamaliza ali ndi ngongole koma alibe ngakhale kasitomala mmodzi. Ife a kuno ku Dedza ndi Ntcheu malo anatikomera kale, boda ya Dedza ili pakhomo, ya Biriwiri ili pompo, pa Lizulu ukangooloka M1 waponda Mozambique. Galimoto ikatuluka pa Dedza imalowa Calomue, kutsikira ku Tete, kuoloka Zambezi mpaka Nyamapanda kulowa Zimbabwe. Kachewere, kabichi ndi tomato wa ku Tsangano ndi wambiri koma sapirira ulendo wautali, ine ndinasankha nyemba za kholophethe chifukwa zimasungika komanso ku Harare amazifuna.

Mukadziwa chogulitsa ndiye yang'anani sukulu. Pamafunika digiri yoyamba ndi zaka zingapo za ntchito. MUBAS, yomwe inali Polytechnic ija, ili ndi MBA ya anthu apantchito, ESAMI, sukulu ya ku Arusha ku Tanzania, nayo imaphunzitsa ku Lilongwe, kuchokera pa Dedza boma ndi ulendo woti mutha kupita n'kubwerera. Amene mukufuna kuzama pa malamulo a malonda a pakati pa mayiko funsani za trapca, nthambi yophunzitsa zimenezi, ili ku ESAMI komweko ku Arusha. Musanapereke ngakhale ndalama ya fomu onani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka, pali timasukulu tina ta pa Facebook tolonjeza MBA ya miyezi yochepa, zimenezo ndi kutaya ndalama basi. Fizi ndi mamiliyoni angapo, ndipo funsitsani ngati amatchaja m'makwacha kapena m'madola, amene ankalipira m'madola kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa mmene zinawawira. Sikolashipi iliponso, monga Chevening ya ku UK, koma imafuna zaka ziwiri za ntchito ndipo mpikisano wake ndi woopsa.

M'kalasimo asainimenti iliyonse muziilembera bizinesi yanu. Akati werengerani mtengo wa katundu, inu werengerani thumba la makilo 50 kuchoka kwa mlimi ku Bembeke, kupeta, kusankha, mankhwala, matumba, onyamula, thiransipoti mpaka likafike kwa wogula. Akafika pa Incoterms, malamulo onena pamene udindo wa wogulitsa uthera ndi pamene wa wogula uyambira, tcherani khutu, chifukwa kumvana kuti katundu mukamperekera pa nkhokwe yanu kapena mukamutula ku Harare ndi kumene kumanena amene alire galimoto ikagwa panjira. Kafukufuku wanu womaliza akhalenso wa katundu yemweyo, kalata yokudziwitsani yochokera ku sukulu imakutsegulirani zitseko za mabwana amene mukanapita nokha sakanakulandirani. Ine wogula wanga woyamba ndinamupeza ndikumufunsa mafunso a kafukufuku.

Kulembetsa kampani n'kosavuta, kwa Registrar General, kenako TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, akaunti ya kubanki m'dzina la kampani. Ndi ya madola yomwe mutsegule.

Pamene pali nkhani ndi pa mapepala a paboda, ndipo izi m'kalasi amangozidutsa. Mapepalawa ali ndi ndondomeko yake. Woyamba kuyenda ndi wogula, iyeyo atenge chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko mwake n'kukutumizirani, chifukwa m'menemo ndi mmene mwalembedwa zimene dziko lakelo likufuna, monga mankhwala ophera tizilombo. Inu mufunse ku unduna wa zamalonda ngati mbewu yanu ikufuna laisensi yotulutsira kunja, mbewu ngati chimanga ndi soya boma limatha kutseka nthawi ina iliyonse pansi pa Control of Goods Act, ndiye funsani chaka chomwecho osadalira za chaka chatha. Kenako muthiritse mankhwala kwa kampani yovomerezeka, a zakafukufuku wa ulimi abwere adzaone katunduyo ndi maso, ndiye akupatseni phytosanitary certificate, yotsimikiza kuti mbewuyo ilibe tizilombo kapena matenda. Pakhalenso satifiketi yosonyeza kuti katundu ndi wa ku Malawi, ya COMESA kapena SADC, kuti wogula asalipire msonkho wonse, fomu ya CD1 kubanki kwanu yonena ndalama zakunja zimene katunduyo abweretse, ndi Form 12 yofotokoza katunduyo, imene ejenti wa za kasitomu amalowetsa ku MRA.

Ejenti amene ndinayamba naye anali wokoma pakamwa, achimwene musavutike zonse ndikupangirani, ingotumizani pa Airtel Money. Madzulo ake anabweradi ndi phytosanitary yodindidwa bwinobwino, koma panalibe munthu wa boma amene anafika pa nkhokwe kudzabaya thumba ngakhale limodzi, ndipo zimene zinali pa chilolezo cha wogula sizinalembedwepo. Pa Dedza galimoto inatuluka, Mozambique inadutsa, pa Nyamapanda ndi pamene anaigwira. Tete ndi chigawo chonsecho ndi kotentha, nyemba zili pansi pa tenti, dalaivala akuimba m'mawa uliwonse kufuna ya chakudya, mwini galimoto akuwerengera ndalama ya tsiku lililonse limene yaima, foni ya ejenti yozima. Mmene mapepala enieni ankafika, atamasula thumba la m'munsi anapeza tizilombo tayamba kuboola, nyemba zina zili ndi timabowo ndi fumbi loyera, wogula anadula mtengo ndipo phindu la ulendo wonse linathera pomwepo. Choncho muuzeni ejenti akuonetseni laisensi yake ya MRA, ndalama za boma mukalipire nokha mutenge lisiti, ndipo tsiku loyendera katundu mukhalepo inuyo kapena m'bale wanu. Mapepala onse muwajambule mutumize kwa wogula galimoto isanadzuke, akaonetse ejenti wake wa mbali inayo, akati ali bwino ndiye muuze dalaivala alize injini. Kumbukiraninso kuti Mozambique ili mu SADC koma mu COMESA mulibe, ndipo katundu wongodutsa amafuna mapepala akeake a thiranziti, ejenti wa ku Calomue akhale wokonzeka.

Zotsalazo n'zachidule. Wogula watsopano apereke gawo la ndalama katundu asanakwere, ngati ndi wamkulu kambiranani letter of credit, kalata ya banki yake yolonjeza kukulipirani. Inshuwalansi musaithawe. Ndalama zibwere kudzera kubanki kuti CD1 itsekedwe, a Reserve Bank amatsata. A MITC, bungwe la boma lolimbikitsa malonda, amathandiza kupeza misika, za AfCFTA, mgwirizano wa malonda a mayiko a mu Africa umene unayamba kugwira ntchito pa 1 January 2021 mukafunse komweko. Ngati mpamba udakali wochepa yambirani pa boda ya Mchinji ndi Simplified Trade Regime ya COMESA, katundu wosapitirira madola 2,000 amadutsa ndi mapepala ochepa, mutha kuyesa pa holide ya semesita yoyamba.