Momwe mungaumbire wotchinga kumbuyo potsata njira ya Antonio Rüdiger

Antonio Rüdiger, wosewera mpira wotchinga kumbuyo wa ku Germany, adabadwa pa 3 Malichi 1993 ku Berlin, ndipo adakulira ku Neukölln, dera lomwe kumakhala anthu ambiri ochokera m'maiko ena. Mayi ake ndi a ku Sierra Leone. Lero ali ndi zikho ziwiri za Champions League, cha 2021 ndi Chelsea komanso cha 2024 ndi Real Madrid. Chomwe makochi a achinyamata ndi makolo angatolepo pa iye si zikhozo ayi, koma ndondomeko: chilichonse adachiphunzira pa msinkhu wake, osalumpha sitepe.

1. Asanakwane zaka 12, musamuike kumbuyo

Rüdiger adayambira m'matimu ang'onoang'ono a ku Berlin monga VfB Sperber Neukölln ndi SV Tasmania. Pamsinkhu umenewu bungwe la mpira la ku Germany, DFB, limafuna ana azisewera m'magulu ang'onoang'ono monga atatu kwa atatu kapena asanu kwa asanu pabwalo laling'ono, ndipo kuyambira nyengo ya 2024/25 ili ndi lamulo. Chifukwa chake n'chosavuta: pabwalo lalikulu mwana wamtali amaikidwa kumbuyo n'kuuzidwa kuti azingochotsa mpira. Amafika zaka 16 asanaphunzire kulandira mpira ndi mwendo wamanzere. Dulani bwalo la mamita 25 kwa 20, ikani magolo anayi ang'onoang'ono, ndipo aliyense aziukira komanso kutchinga.

2. Zaka 12 mpaka 15: mmodzi kwa mmodzi

Apa mpomwe pagona ntchito yonse. Timu ya Germany itatuluka mochititsa manyazi mu Euro 2000, matimu a Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, adakakamizidwa kukhala ndi maakademi, ndipo DFB idatsegula malo oposa 300 ophunzitsirako ana aluso kamodzi pa sabata. Rüdiger adachoka ku Hertha Zehlendorf n'kulowa akademi ya Borussia Dortmund mu 2008, ali ndi zaka 15.

Zoyenera kubwereza pamsinkhuwu ndi izi. Mnyamata athamangire kwa mdani pomwe mpira uli m'njira, koma achepetse liwiro patatsala mamita awiri. Akafika ndi liwiro lonse, njomba imodzi yokha yamutaya. Aime chambali, phazi limodzi kutsogolo, mawondo opindika pang'ono, thupi lili pa zala za kumapazi osati pa zidendene. Mpata pakati pa iye ndi mdani ukhale ngati utali wa mkono. Maso akhale pampira, osati pamapewa a mdani, chifukwa mapewa amanama. Amukankhire kunja, cha kumzere wa m'mbali, kapena kumwendo womwe mdaniyo sagwiritsa ntchito kwambiri. Alande mpira pokhapokha mdani waukankhira patali ndi phazi lake.

Kutsetsereka pansi kumasangalatsa ochemerera, koma akaphonya amakhala wagona pomwe mnzake akuloza golo, ndipo m'bokosi ndi penate. Kochi aziwerenga kuti mnyamata wagwa kangati pamasewero amodzi. Zikachuluka, vuto lili pa momwe akuimira, osati pa mphamvu zake.

Konzani kanjira ka mamita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, woukira mmodzi ndi wotchinga mmodzi, maulendo asanu ndi atatu, kenako asinthane. Mphindi 15 pa tsiku lililonse la zokonzekera n'zokwanira.

3. Mphunzitseni mzere, ndipo aseweretseni malo angapo

Wotchinga mmodzi akapita kukakumana ndi mpira, mnzake wapafupi abwerere chammbuyo mamita asanu kapena asanu ndi atatu kuti amuphimbe. Wa mpira akapanikizidwa, mzere wonse ukwere limodzi. Akakhala womasuka, wadzutsa mutu, mzere ubwerere msanga chifukwa mpira wautali ukubwera. Zigoli zambiri zomwe anthu amati n'zolakwa za goloboyi zimayambira pa munthu mmodzi wotsalira yemwe waphwanya ofusayidi. Mankhwala ake ndi pakamwa: wapakati azilankhula nthawi zonse.

Ku Stuttgart, Rüdiger nthawi zina ankasewera kumbuyo chakumanja. Ku Chelsea adakhazikika chakumanzere kwa otchinga atatu pansi pa makochi Antonio Conte komanso Thomas Tuchel. Wodziwa malo amodzi okha amakhala pabenchi kochi akasintha kaseweredwe.

4. Sankhani timu yomwe akasewere, osati ya dzina

Mu 2011 Rüdiger adachoka ku Dortmund kupita ku VfB Stuttgart. Kumeneko adasewera timu yachiwiri, yomwe nthawiyo inali mu 3. Liga, ligi yachitatu ya ku Germany, kulimbana ndi amuna aakulu sabata ndi sabata, ndipo mu Januwale 2012 adasewera koyamba mu Bundesliga. Timu ya dziko la Germany idamuitana mu 2014. Ku Roma adapita mu 2015, poyamba pangongole. Mnyamata wa zaka 18 wotchinga kumbuyo amaphunzira polakwitsa pamasewero enieni, ndiye musanasaine funsani kuti pamalo pake pali anthu angati, ndipo timu yachiwiri ikusewera ligi iti.

Makolo a kuno kwathu adziwenso kuti malamulo a FIFA saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa, monga makolo kusamuka pa nkhani yosakhudza mpira. Munthu wokulonjezani akademi ya ku Germany kwa mwana wa zaka 15, n'kumafuna ndalama patsogolo, mukanireni.

5. Tetezani bondo

Mu Juni 2016, masiku ochepa Euro isanayambe, Rüdiger adaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo pa zokonzekera za timu ya Germany ku France, mpikisanowo n'kumudutsa. Chaka chotsatira adapambana Confederations Cup ndi Germany n'kusaina ku Chelsea. Mtsempha umenewu umaduka kawirikawiri potera kuchokera m'mwamba kapena potembenuka bondo litagwera mkati. Gwiritsani ntchito pulogalamu ya FIFA 11+, masewera olimbitsa thupi opewera kuvulala a mphindi 20, kosachepera kawiri pa sabata, ndipo muziyang'ana kuti potera bondo liloze komwe zala za phazi zaloza. Wovulala asabwerere chifukwa kuli masewero aakulu, koma dokotala akavomereza.

6. Benchi, ukali ndi kontrakiti

Kumayambiriro kwa nyengo ya 2020/21 Frank Lampard, yemwe anali kochi wa Chelsea, sankamuseweretsa Rüdiger kawirikawiri. Sadachoke, ndipo Tuchel atafika mu Januwale 2021 adamubwezera m'timu. Miyezi inayi pambuyo pake adanyamula chikho cha Champions League ku Porto. Adamaliza kontrakiti yake n'kupita ku Real Madrid mwaulere mu 2022. Njira imeneyi imapatsa wosewera mphamvu pokambirana malipiro, koma ndi yoopsa: akavulala m'chaka chomaliza, amatsala wopanda timu.

Pa nkhani ya ukali, musamutengere zonse. Pa fainolo ya Copa del Rey, chikho cha ku Spain, mu Epulo 2025 adaponyera woyimbira chinthu ali kubenchi, adalandira kadi yofiira ndipo adaletsedwa masewero asanu ndi limodzi. Ikani lamulo m'timu mwanu kuti kadi yobwera chifukwa cholongolola kwa woyimbira imachotsa mnyamata pa masewero otsatira, ngakhale akhale kaputeni.