Meda si sikelo: za mass, weight ndi density pogulitsa mbewu

Alimi anzanga, chimanga chayamba kulowa mu tauni ya Lusaka kuchokera ku Chongwe, ku Mumbwa ndi ku Kafue uko, nde ndati tikambirane kankhani kamene ambiri tinakasiya m'kalasi ya sayansi koma kamatidyera ndalama chaka ndi chaka. M'chinyanja chathu timangoti kulemera basi, thumba lalemera, mwala walemera, koma mawu amodziwa aphimba zinthu zitatu zomwe aphunzitsi ankazitcha mass, weight ndi density.

Mass ndi kuchuluka kwa chinthu chenichenicho, ndipo timayeza m'makilo. Thumba la 50 kg lomwe a FRA (Food Reserve Agency, bungwe la boma logula mbewu kwa alimi) amagula lili ndi chimanga cha 50 kg kaya mwaliika pa msika wa Soweto, kaya ku Chipata, kaya pa mwezi. Weight ndi mphamvu imene dziko limakokera thumbalo pansi, amayeza mu ma newton, dzina lochokera kwa Isaac Newton uja. Kilo iliyonse dziko limaikoka ndi ma newton pafupifupi 9.8, nde thumba lathu ndi ma newton 490. Pa mwezi kukoka kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 6, thumba lomwelo mwana wa giredi 5 akhoza kulinyamula, koma mukapita nalo kuchigayo ufa wake ndi womwewo, nsima yake siichepa.

Mwina mukuti alangizi zapamwezizi zitithandiza chani. Zikuthandizani pa sikelo ija yokolowekera pa mtengo, ya sipuling'i. Imeneyi kwenikweni imamva kukoka, kenako n'kukuonetsani ngati makilo, ndipo sipuling'i ikatopa, ikachita dzimbiri, kapena wina akaiseweretsa dala, nambala yake imanama. Kuiyesa sikovuta. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, choncho tengani chigubu cha malita 5, chidzazeni mpaka pa mzere, chikolowekeni, iyenera kuonetsa 5 kg ndi kapamwamba pang'ono ka chigubucho. Ikaonetsa 4 ndi hafu musakangane ndi munthu, nyamulani matumba anu mupite kwina. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency, ndipo kufunsa ngati sikelo inayesedwa si mwano ayi.

Koma pomwe ndalama zimathawira kwambiri ndi pa density. Apa tikufunsa kuti m'malo akuti, tinene m'baketi imodzi, mukulowa makilo angati. Chigubu cha malita 20 cha madzi ndi 20 kg, koma chigubu chomwecho mukathiramo saladi, mafuta ophikira aja, chimakhala cha m'ma 18 kg, n'chifukwa chake saladi amayandama pamwamba pa madzi mumphika wa ndiwo. Chimanga chouma chotonola chimalowa pafupifupi 14 kapena 15 kg m'baketi ya malita 20 yosasefukira. Soya amaposa pang'ono. Mpendadzuwa ndi wopepuka kutali, baketi yomweyo mwina 8 kg basi. Baketi imodzi, makilo osiyanasiyana. Nde meda (kachitini koyezera mbewu pa msika) kapena baketi imayeza malo, siyeza chimanga.

Ndinaziona ndi maso anga chaka china pa msika wina kuno. Amayi ena achikulire anabwera ndi chimanga chabwino zedi, cha maso akuluakulu olimba, chopeta bwino. Wogula anatulutsa baketi yake, ndipo ukaiyang'ana bwino inali yotupa m'mimba ngati inathiridwapo madzi otentha n'kuikankha, pothira akuigwedeza, akuimenya m'mbali ndi chikhatho kuti chimanga chikhazikike, kenako kuunjika pamwamba mpaka kutayikira pa saka yomwe anayala pansi, ndipo chotayikacho n'chake. Ndinati amayi, tiyeni tiyeze baketi imodzi pa sikelo tione. Anandiyang'ana n'kuti "mwanawe, ife takhala tigulitsa chonchi kuyambira kale". Tinayeza ndithu, ndipo atamva makilo ake anangogwira pakamwa. Chomwe chinandiwawa ine n'chakuti chimanga chawo chinali cholemera kuposa cha anzawo oyandikana nawo chomwe anankafumbwe anali atachiboola kale, koma pa baketi onse ankalandira mtengo umodzi. Mlimi wosamala ndi amene amaluza kwambiri akamagulitsa pa meda, chifukwa ubwino wa mbewu yake uli m'makilo ndipo baketi siiona makilo.

Inu ogula m'makomboni, ku Mtendere, ku Kanyama, nkhani ndi yomweyo koma motembenuza. Meda ya chimanga chofumbwa imaoneka yodzaza bwinobwino pomwe m'kati mwa maso muli mphako zokhazokha, mukafika kuchigayo ufa wake wochepa. Tapani dzanja limodzi, pimani m'manja, onani ngati pali timabowo ndi kaufa pansi pa thumba. Malasha nawonso, thumba lalitali la mitengo yofewa likhoza kutha msanga kuposa lalifupi la mitengo yolimba.

Za chinyezi ndisaiwale. Madzi ali m'chimanga nawo ali ndi mass, sikelo imawawerenga. A FRA amafuna chinyezi cha 12.5 peresenti, ndipo chimanga cha 100 kg chomwe chili ndi chinyezi cha 20 peresenti chikauma kufika pamenepo chimatsala pafupifupi 91 kg. Palibe wakuberani, ndi madzi auluka. Ena amaganiza kuti kugulitsa chachiwisi ndi nzeru poti chimalemera, koma wogula amadziwa, amakudulani mtengo mopitirira, ndipo chikasungidwa chonyowa chimachita nkhungu, ina mwa nkhunguzo imatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Ngati mulibe kamakina koyezera chinyezi, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti sichinaume, chibwezeni padzuwa.

Density yomweyi ingakuthandizeninso posankha mbewu yomwe munasunga nokha. Thirani m'beseni la madzi, zoyandama ndi zopanda kanthu m'kati kapena zofumbwa, zichotseni, zomira muziumitse pamthunzi kapena mubzale tsiku lomwelo. Koma chonde mbewu yogula kusitolo ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira musaiviike, mutsuka mankhwala omwe mwalipira. Amayi a nkhuku mukudziwa kale za dzira, latsopano limamira n'kugona pansi, lakale limaimirira kapena kuyandama chifukwa kampweya ka m'kati kamakula tsiku ndi tsiku.

Musanapite ku msika yezani baketi yanu kunyumba ndi mbewu yanu yomwe, kawiri katatu, mulembe makilo ake ndi makala pakhoma la nkhokwe. Ngati sikelo yakudulirani, sonkhani ndi anzanu a mu kopaletivu mugule imodzi, muziiyesa ndi chigubu cha madzi chija nyengo yogulitsa isanayambe. Ndipo poyeza thumba kumbukirani kuti saka yopanda kanthu nayo ili ndi timagalamu take, yezani imodzi muone, kuti wogula akamati ndichotsapo kilo yathunthu ya saka mumuonetse pa sikelo pomwepo.