Katoledwe ka masamba a mlombwa kuti akapimidwe DNA

Anthu ambiri akati tipulumutse mlombwa amangopita pa mtengo umodzi waukulu wa pafupi na msewu, kutola mbewu thumba lonse, nazale yadzaza basi. Koma mbande zonsezo ni za mayi mmodzi, matenda olo chilala chikavuta zingafe pamodzi. Ndiye chifukwa akatswiri amayamba apima DNA (chibadwa chimene chamoyo chimatengera kwa makolo ake), amayang'ana tizigawo tobwerezabwereza totchedwa ma microsatellite, kutalika kwake kumasiyana mtengo na mtengo ndipo kumaonetsa ubale. Ku chipululu cha Namib anapima Welwitschia, chomera chija cha masamba awiri chabe, anapeza kuti za ku Angola zisiyana na za ku Namibia, kusunga gulu limodzi sikokwanira.

Kuno mukula unalowa pa mndandanda wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zingathe) mu 2019, mlombwa mu 2022, ndiye nkhaniyi ni yathu.

Yambani mwaonana na a Forestry ku boma komanso amfumu a malowo, osangolowa m'thengo. Pitani masamba atangophuka, cha mu Novembala, tengani anthete awiri kapena atatu pa mtengo, opanda mawanga opanda nkhungu, chifukwa nkhungu nayo ili na DNA yake imasokoneza zotsatira.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa: mlombwa ukadulidwa umaphukira pa chitsa, manje mphukira zoyandikana mukhoza kuyesa mitengo inayi pomwe ni umodzi, komanso mbewu zake sizigwa patali kwenikweni ndiye mitengo yoyandikana nthawi zambiri ni pachibale. Siyani mamita 50 kapena kuposa pakati pa mtengo na mtengo, pa malo amodzi mitengo 20 mpaka 30, kenako malo ena akutali, monga mapiri a ku Chipata, Katete, Nyimba.

Mtengo uliwonse kathumba kakekake, muthiremo silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) wochuluka kuposa masambawo kakhumi, tsekani bwino. Gel ukasintha mtundu ndiye wamwa chinyezi, sinthani. Chonde osafutika masamba aawisi mu pulasitiki yopanda gel, amawola DNA nkuwonongeka, ndipo osaanika padzuwa.

Lembani nambala na pensulo, inki imafufutika, tengani GPS pa foni na chithunzi cha mtengowo. Ku labu akachita PCR (njira yochulukitsa DNA kuti ipimike) adzakuuzani kuti mitengo ya phiri liti ni yosiyana na inzake, mbewu za nazale muzikatola ku magulu onsewo, pang'onopang'ono pa mitengo yambiri.