Lekani kusunga tiyi m'zigubu zomwe munali zinthu zina

Dzinja lino, poyendera magulu a amayi ndi eni tuntemba ku Chipata, Chadiza ndi Katete, ndapeza cholakwa chimodzi chikubwerezedwa paliponse. Tiyi akuthiridwa m'chotengera chilichonse chimene chapezeka pakhomo: chigubu cha mafuta ophikira, botolo lomwe munali parafini, kandowa ka sopo wa ufa, ndipo m'makomo ena ngakhale chigubu cha mankhwala opopera thonje. Ndikafunsa, yankho ndi lomwelo: "Alangizi, tinatsuka." Kutsuka kumachotsa zimene maso akuona basi.

Masamba a tiyi amachoka kufakitale ali ouma kwambiri, chinyezi chake chili pafupifupi 3 peresenti. Kuumako ndiko kumawasunga, komanso ndiko kumawachititsa kukoka chilichonse chili mumpweya, kaya ndi chinyontho kaya ndi fungo. Tiyi wa ku Kawambwa, kapena wa ku Thyolo ndi Mulanje amene amalowera pa malire a Mwami kuchokera ku Malawi, amafika ali wotetezedwa m'paketi yake. Vuto limayamba tsiku lomwe mwang'amba paketi yaikuluyo kuti mugawe m'timapepala togulitsa, wotsalayo n'kumukhuthulira m'chigubu. Pulasitiki imamwa mafuta ndi mankhwala m'makoma ake. Masana dzuwa likawomba pamalata, chigubu chimatentha n'kuyamba kutulutsa zomwe chinamwa, ndipo tiyi amazilandira zonse. Mukatsegula mwina simumva kanthu chifukwa mphuno yazolowera fungo la m'kantemba. Wogula ndiye amakalimva kunyumba, madzi owira akangothiridwa.

Za fungo tingakambirane, koma za zigubu za mankhwala palibe kukambirana. Takhala tikunena pamisonkhano ya alimi a thonje chaka ndi chaka: chigubu chikatha, chitsukeni katatu, madzi otsukirawo athireni mumpope wopopera, kenaka chibooleni kuti munthu asachigwiritsenso ntchito. Nanga bwanji ndikuchipezabe pashelefu, pambali pa shuga? Amene amamwa tiyiyo m'mawa ndi ana opita kusukulu ndi agogo awo. Poizoni wotere sagwetsa munthu tsiku lomwelo nthawi zonse. Amayamba ndi mutu, chizungulire, m'mimba, ndipo pakhomo aziti ndi malungo. Chigubu chimenecho sichiyenera tiyi, mchere, madzi akumwa, ngakhale thobwa.

Mayi wina wa ku Chadiza anandiimitsa pamsewu mwezi watha kuti andifotokozere zomwe zinamugwera. Iye amaumitsa chidede ndi udzu wa mandimu uja ambiri amangouti tiyi wa kudimba, ndipo ntchito yake ndi yaukhondo ndithu: amayanika pamthunzi, pathandala, osati pansi. Atamaliza kuumitsa m'chilimwe analongedza zonse m'chigubu cha malita 20 chimene mwamuna wake ankatungira dizilo wa kuchigayo. Anachitsuka ndi mchenga ndi phulusa, n'kuchiyanika. Nyengo ya Khirisimasi anapita nazo kumsika wa Kapata ku Chipata. Amene anagula tsiku loyamba anabwerera mawa lake atanyamula timapaketi tawo. "Ndinalawa ndekha, alangizi," anatero, "pakamwa ponse panangoti dizilo." Anataya zonse kudzala. Ndalama yomwe ankayembekezera kugulira feteleza wobereketsa inathera pomwepo, pamodzi ndi ya thiransipoti, ndipo ogula aja tsopano amadutsa pabenchi pake osaima. Chimene chimandipweteka n'chakuti chitini chatsopano chikanamudyera kandalama kochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe anatayazo.

Palinso chizolowezi china chimene chikukana kutha: kupachika tiyi padenga la khitchini, pamwamba pa moto. Akuti makolo ankatero ndi mfutso m'chikwatu. Inde ankatero, koma mfutso umaphikidwa ndi nsinjiro ndi tomato, utsi subvuta. Tiyi timamugulira fungo lake lokha, ndipo likaphimbidwa ndi utsi mwatsala ndi madzi ofiira. Pamenepo palinso nthunzi ya mphika wa nsima tsiku lililonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya wokha umakhala wonyowa kale, ndiye muwonjezere nthunzi, masamba amafewa, amagwirana, kenaka chuku. Alimi a nsawa kuno kum'mawa mukudziwa bwino momwe chuku chimawonongera malonda pamsika ndi thanzi m'thupi, sindifunika kubwereza. Tiyi amene wachita chuku sayanikidwanso padzuwa kuti agulitsidwe, amatayidwa.

Tsono chochita. Pezani chitini chachitsulo cha chivindikiro chothina, chopanda dzimbiri, chatsopano kapena chomwe munali tiyi kapena mkaka wa ufa. Botolo lagalasi ndi labwinonso chifukwa silisunga fungo, koma liikeni m'kabati kapena mulikute ndi nsalu, poti kuwala kumasukulutsa tiyi. Ngati ndi pulasitiki, ikhale yatsopano yosungira chakudya. Musanathire, chiume gwa. Chitsekeni usiku wonse chopanda kanthu, m'mawa mununkhize, ndipo mukamva kafungo kalikonse chisiyeni. Khalani ndi zotengera ziwiri, chachikulu chotsegula mwa apo ndi apo, chaching'ono cha tsiku ndi tsiku. Supuni youma, osati yochokera m'kapu. Mtundu uliwonse chitini chake, chidede chisakumane ndi tiyi wakuda. Pashelefu, osati pansi pasimenti, ndipo kutali ndi sopo, kapenta, fodya ndi matumba a feteleza. Mufiriji ayi, chifukwa chitini chikatulutsidwa n'kutsegulidwa chimachita thukuta m'kati. Ogulitsa, m'dzinja muno pikulani wochepa amene angathe msanga, ndipo lembani pachitini tsiku lomwe mwatsegula paketi.