Lamba wa tayimingi ndi wota pampu: mugule za orijino kapena za mushopu wamba?

Funso ili ndafunsidwa kangapo pa siteji pa Nchalo, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Ine si makaniko wa mapepala ayi, ndangokhala ndi Noah yakale ija ya injini ya 3S kwa zaka zambiri ndithu ndipo yandiphunzitsa zinthu, zina mwa izo ndinaphunzira nditakhala pa mwala m'mbali mwa msewu thukuta lili kamukamu.

Musanapite kukagula kalikonse yambani mwadziwa ngati galimoto yanu ili ndi lamba wa tayimingi n'komwe, uja wa mano wa mkati mwa kavala amene amachititsa kuti mavaluvu azitseguka ndi kutseka pa nthawi yake. Izi zikumveka ngati zoseketsa koma alipo anthu analipiritsidwa ndalama ya "tayimingi" pa galimoto yoti mulibemo lamba. Sienta, Probox, IST ndi ma Corolla a injini ya 1NZ amayendera tcheni, Vitz ndi Passo za 1KR nazonso ndi tcheni, ndipo tcheni sasintha pa makilomita oikika ngati lamba, chimangofuna oyilo wabwino basi mpaka tsiku lomwe chidzayambe kulira. Zalamba ndi monga 3S ya mu Noah yakale, Ipsum yoyamba ndi RAV4 yoyamba, ma Corolla akale a 4A ndi 5A, ma Hiace ndi Hilux a dizilo a 3L ndi 5L, ma dizilo a D4D a 1KD ndi 2KD, komanso 4D56 ya Mitsubishi yomwe ili ndi malamba awiri, wamkulu ndi kena kakang'ono ka balansa. Dzina la injini lili pa kachitsulo kaja kokhomedwa mkati mwa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, pomwe palinso nambala ya chasisi. Jambulani pa foni, mukaifuna ku shopu.

Chachiwiri, funsani amakaniko kuti wota pampu yanu, ija yoyendetsa madzi oziziritsa injini, imazunguzidwa ndi chani. Pa 3S pampu imazungulira pa lamba wa tayimingi yemweyo, ndiye bering'i ya pampu ikagwira lamba naye wapita. Pa ma dizilo a Toyota aja imazunguzidwa ndi lamba wakunja wa fani. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, chifukwa pampu yomwe ili pa lamba wa tayimingi simungaitenge ngati sipeya wamba, moyo wa injini yonse wakoleka pa kabering'i kake.

Tsopano ku nkhani yeniyeni. Anthu timayankhula ngati masipeya alipo mitundu iwiri, orijino ndi feki. Ine ndimati ilipo itatu, ndipo ndalama zanu zimapulumukira pa mtundu wapakatiwo.

Woyamba ndi wa kwa dila, wa mubokosi lolembedwa dzina la galimoto. Umakwana bwinobwino, palibe zogogoda kapena kupala ndi fayilo, koma mtengo wake umachita kukuuza kuti khala kaye pansi. Wachitatu ndi uja wopanda dzina kapena wa dzina lobera, bokosi lowala kuposa la orijino lomwe. Wapakati ndi uwu: opanga magalimoto sapanga okha chilichonse. Toyota pampu zambiri imatenga kwa Aisin, yomwe ndi kampani ya m'banja lomwelo la Toyota. Ma bering'i a m'matenshona (tokungira lamba tija) ndi mapule mukawayang'anitsitsa mupeza palembedwa Koyo, NSK kapena NTN. Malamba amachokera ku makampani ngati Mitsuboshi, Bando ndi Gates. Makampani omwewa amagulitsanso katundu wawo m'mabokosi a dzina lawo, ndiye mukagula pampu ya Aisin mubokosi la Aisin mwagula kwa mwini ntchito, chomwe mwasiya ndi katoni ya dila yokha. Palinso ena odziwika bwino, ngati GMB pa mapampu, Dayco ndi Continental pa malamba, amenewa sindimawakayikira bola akhale enieni.

Mawu oti bola akhale enieni ndi pomwe pagona nkhani. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Masiku ano anthu akusindikiza bokosi lililonse lomwe angafune, ndipo chomwe chimaberedwa kwambiri ndi dzina lomwe anthu amalikhulupirira. Ndiye wina akakupatsani lamba wa mubokosi la Toyota pa mtengo wotsika kuposa wa Gates, musamati mwachita mwayi, bwezani.

Zanga zinali chonchi. Ndinasinthitsa lamba, ndinagula wabwino ndithu, koma pa pampu ndalama inali itatha ndiye mnyamata wa pa shopu ina mtauni anati bwana tengani iyi ndi yomweyo, anthu akutenga kwambiri. Inali yotchipa moti ndinatsala ndi ya mafuta obwerera. Inayenda miyezi ingapo osadandaula. Tsiku lina mwezi wa Novembala, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ndanyamula anthu ndi matumba awo, tawoloka pa Kamuzu Bridge, tadutsa pa Thabwa tayamba kukwera phiri lopita ku Blantyre, ndinangomva kaphokoso ngati mluzu kutsogoloku kenako fungo la labala wopserera, injini n'kuzima pakona penipeni. Titatsegula kavala tinapeza pule ya pampu yagwira osazunguliranso, lamba watsopano uja wapsa kumsana mano ena atathothoka ali mbwee pansi pa kavala ngati chimanga chosola. Mwayi wanga unali woti 3S lamba akaduka mapisitoni sagunda mavaluvu. Ndinalipira wokoka galimoto, ndinabweza ndalama za anthu, ndinagulanso lamba wina ndi pampu ina, amakaniko nawo anadyanso kachiwiri. Ikanakhala ya dizilo bwenzi tikukamba zotsitsa hedi, chifukwa kumeneko lamba akaduka injini ikuthamanga mavaluvu amapindika, nthawi zina mpaka kamushafuti kuthyoka.

N'chifukwa chake ndimati kuno kuchigwa tisamatengere anzathu a kumtunda. Galimoto ya mu Blantyre imayenda kozizira, ikafa makaniko ali pafupi shopu ili pafupi. Yathu imakhala pa madigiri opitirira 40 mu Okutobala ndi Novembala, fumbi la m'minda ya nzimbe ndi misewu ya ku East Bank, dzinja likafika matope ndi madzi osefukira, kenako ikwere phiri lonse lija itadzaza. Labala amauma msanga ndi kutentha, girisi wa mu bering'i yotchipa amasungunuka n'kutuluka. Ikakuferani ku Bangula kapena ku Nsanje sipeya yoyenera mwina muidikira ichoke ku Limbe pa minibasi, tsiku lonse lapita. Ndipo ngati galimoto yanu inalowapo m'madzi akuya nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, kapena mumawoloka nayo mitsinje nthawi ya mvula, tsegulitsani kavala muone, matope akalowa mmenemo amadya ma bering'i mwakachetechete.

Ndiye pogula chitani izi. Pitani ndi nambala ya chasisi ndi dzina la injini, osangoti "ya Noah" chifukwa ma Noah alipo a injini zosiyana ndipo atsopanowa ndi a tcheni. Ngati galimoto yamasulidwa kale nyamulani zakalezo mukafananize. Lamba muwerenge mano ake ndi kuona m'lifupi, pa lamba weniweni manambala amasindikizidwa pamsana mooneka bwino, osafufutika mukapaka ndi chala. Mano akhale osalala ofanana, m'mbali musatuluke ulusi. Osamupinda mwamphamvu pomuyesa, mkati mwake muli timaulusi tagalasi tomwe timathyoka mukamukhwinyata, ndipo wogulitsa amene amasunga malamba atawapinda kapena kuwakoleka pa msomali padzuwa ameneyo mulambalaleni.

Pampu igwireni m'manja. Zunguzani pule, izizungulira mosalala koma molimbirako pang'ono chifukwa cha silu ya mkati, isamapepuke ngati gudumu la njinga komanso isamakhale ngati muli mchenga. Igwedezeni uku ndi uku, pasakhale kusewera. Onani pomwe pamakhala gasiketi ngati pali posalala, za feki pamakhala timaenje ndi zotsalira za chitsulo. Mapiko ake afanane ndi akale kukula ndi kuchuluka kwake. Dzina la kampani likhale pa chitsulo penipeni osati pa bokosi pokha, ndipo pa pampu za Aisin zina mupeza malo opalidwa pomwe panayenera kukhala dzina la Toyota, musadabwe nazo zimenezo. Pomaliza funsani lisiti lolembedwa dzina la sipeya ndi nambala yake. Wokana kulemba lisiti akudziwa chomwe wakugulitsani.

Za kaunjika pa ntchito iyi ayi. Chitseko, nyali, sitata ngakhale giyabokosi ndimagula za kaunjika osaopa, koma lamba, tenshona ndi pampu zochotsa pa injini ina simungadziwe zayenda mtunda wanji.

Funso lina lomwe limabwera ndi loti kodi ndingosintha lamba yekha? Ganizani za ntchito yofika pamenepo. Amakaniko achotse malamba akunja, pule yaikulu ya kirankishafuti, makavala, pa galimoto zina mpaka mawunting'i ya injini, ndipo ndalama yambiri ya ntchitoyi ndi yomasula ndi kumanga. Atafika kale mkatimo sinthani zonse zomwe lamba amakhudza: tenshona, mapule ndi pampu ngati ili pa lamba. Lamba weniweni kawirikawiri saduka yekha, chimayamba ndi bering'i kenako iye n'kutsatira. Masilu a kamushafuti ndi kirankishafuti ayang'anidwe, akakhala akunyowa asinthidwe chifukwa oyilo amafewetsa lamba. Masiluwa ndi tinthu tating'ono, kusiyana mtengo kwake si kwakukulu, apa ine ndimangogula a kwa dila kapena a NOK. Tenshona ya hayidiroliki ngati ya pa D4D nayonso sindichita nayo zoyeserera. Pa 4D56 kalamba ka balansa musakasiye, kakaduka kamatha kulowa pansi pa wamkulu n'kumudumphitsa mano.

Ndalama ikakhala yosakwana bola kuimika galimoto sabata imodzi kapena ziwiri mukusonkhanitsa kusiyana ndi kusakaniza lamba wabwino ndi pule ya dzina losadziwika. Ndikudziwa kuti kwa wa takisi sabata ndi yaitali, ana akufuna ndiwo, koma ine ndinayesa njira yachidule ija ndipo mwaimva mmene inathera.

Nthawi yosinthira, injini zambiri za Toyota zakalezi ndi pa makilomita 100,000, ma D4D ndi pa 150,000 ndipo pa dashibodi pamayaka kanyali kolembedwa T-BELT. Kanyali kameneka kamangowerenga makilomita, sikaona lamba, ndiye wina akangokazimitsa osasintha kanthu inu simungadziwe. Zaka nazo zimawerengedwa, lamba woti wakhala zaka zisanu kapena kuposa kutentha kwa kuno ngakhale galimoto imangoyenda Lamlungu ine ndimachotsa. Galimoto yongogula kumene, kaya yochokera ku Japan kaya kwa munthu, yang'anani sitika pa kavala wa tayimingi, ikasowa tengani ngati sanasinthepo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimapha pampu kuno ngakhale ikhale ya orijino yeniyeni, madzi a pa mjigo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, timawadziwa tonse, sopo sachita thovu. Mukathira amenewo mu redieta mapiko a pampu amachita dzimbiri, silu imadyeka, timachubu ta redieta timatsekeka. Mwagula pampu yodula, gulaninso kulanti, madzi a mankhwala aja othira mu redieta. Ngati ndi wofunika kusakaniza, theka kulanti theka madzi osungunula aja a m'mabotolo omwe timathira mu batire, osati asidi chonde. Osasakaniza wofiira ndi wobiriwira, tsukani kaye zakale zituluke. Chivindikiro cha redieta nacho chionedwe, chikafooka madzi amawira msanga pokwera phiri anthu n'kumanamizira pampu, ndipo zochotsa themositati poti kuno n'kotentha zija musalole, ikafa muikemo ina.

Tsiku lomanga khalani pompo, osati chifukwa choti amakaniko athu ndi akuba ayi, koma muone ndi maso kuti zomwe mwagula ndi zomwe zalowa, zakale akupatseni m'manja. Gasiketi ya pampu asaimate silikoni wambirimbiri, wotsala amagwera mkati n'kukatseka redieta. Lamba asamukanule ndi sikuludiraiva pomulowetsa. Akamanga, asanalize injini azunguze kirankishafuti ndi sipanala maulendo awiri athunthu ndipo zizindikiro za tayimingi zibwerere pamalo pake, pakalimba penapake asakakamize, amasule aonenso. Akathira kulanti injini ilire mpaka itenthe, hita ali wotsegula, mpweya utuluke, ikazizira muonjezere.

Kenako lembani tsiku ndi makilomita pa kavala ndi penti kapena pa sitika, lisiti muike mu galavu. Sabata yoyamba m'mawa uliwonse musanalize suzumirani pansi ngati padontha, onani mulingo wa kulanti injini ili yozizira, ndipo ulendo woyamba wokwera ku Blantyre zimitsani wailesi pa Thabwa, khutu likhale ku injini diso pa geji mpaka mutafika pamwamba.