Mmene mungadutsire pa JBLM osachedwa ku ntchito

Ndimakhala ku Lacey koma ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Tacoma, m'chigawo cha Washington ku America. Pakati pa nyumba yanga ndi ntchito pali malo aakulu a asilikali otchedwa Joint Base Lewis-McChord, amene aliyense kuno amangowatchula kuti JBLM. Mtunda wake ndi mamailosi pafupifupi 25. Msewu ukakhala wopanda anthu ndimayenda theka la ola, koma tsiku loipa ulendo womwewo umandidyera ola ndi theka. Ndikulembera inu amene mwangosamukira kumene kuno, chifukwa agogo amene mukukawasamalira sangadzuke pabedi mpaka inu mutafika, ndipo mnzanu wa usiku sangaweruke.

Choyamba mudziwe chimene chimachititsa kuti magalimoto athithikane. Malowa anapangidwa mu 2010 pophatikiza Fort Lewis ndi McChord Air Force Base, ndipo msewu waukulu wa I-5 umadutsa pakati pake, mpanda uku mpanda uko. Kumadzulo kuli nyanja ya Puget Sound, kum'mwera kuli mtsinje wa Nisqually. Choncho asilikali, ogwira ntchito pa chipatala cha Madigan, antchito a boma opita ku Olympia, mathiraki a katundu ochokera ku Portland ndi ife tonse timakumana pa msewu umodzi womwewo. Galimoto imodzi ikangofa pa mlatho wa Nisqually, mzere umafika ku Lacey.

Mankhwala enieni a msewu umenewu ndi nthawi yonyamukira. Asilikali ambiri amayamba masewero olimbitsa thupi 6:30 m'mawa, ndiye kuyambira cha m'ma 5:30 magalimoto awo amakhala atandandalika pa mageti, nthawi zina mzere n'kutulukira mu msewu waukulu. Muziyang'anira manambala a mopatukira awa: 119 wa ku DuPont, 120 wa geti lalikulu, 122 wa ku Madigan, ndi 125 wa ku McChord. Mukamayandikira malo amenewa chokani mu leni ya kumanja, chifukwa ndi imene imaima mwadzidzidzi. Ine ndimayamba ntchito 7 koloko, koma ndimanyamuka 5:10. Ndimafika isanakwane 6, ndimakhala m'galimoto ndi tiyi wanga wa m'fulasiki n'kuimbira mayi pa WhatsApp, poti kumudzi nthawi imeneyo kumakhala kuli masana. Ndikachedwa ndi mphindi 20 zokha pakhomo, ndimakazilipira kawiri pa msewu. Pamabweranso gulu lina 9 koloko isanakwane, pamene asilikali amene anakasamba kunyumba akubwerera ku ntchito. Madzulo, kuyambira cha m'ma 3 mpaka 6, mbali yopita kum'mwera imadzaza, ndipo Lachisanu la nyengo yotentha ndiye musanene. Komano Lachisanu loyandikana ndi tchuthi cha boma asilikali ambiri amapatsidwa mpumulo, ndipo m'mawa wake msewu umapepuka ndithu.

Musanayatse galimoto, tsegulani pa foni pulogalamu ya WSDOT, nthambi ya boma yoona za misewu kuno ku Washington. Ili ndi makamera a pa msewu, ndipo mumaona ndi maso anu ngati pa Mounts Road, pafupi ndi DuPont, magalimoto akuyenda kapena aima. Chisankho chiyenera kupangidwa musanalowe pakati pa mipanda ija. Pochokera ku Lacey, mwayi wabwino womaliza wopatuka ndi pa 111, pa Marvin Road. Pochokera ku Tacoma ndi pa 127, pamene pamayambira SR 512. Mukapitirira pamenepo, khalani chete mupirire.

Njira yolambalala ya kum'mawa imayenda chonchi: kuchokera ku Lacey tengani msewu wa SR 510 mpaka ku Yelm, lowani SR 507, wolokani mtsinje wa Nisqually pa McKenna, dutsani ku Roy mpaka mukakumane ndi SR 7 ku Spanaway, ndipo kuchoka pamenepo mupita ku Tacoma kapena mukwera SR 512. Pa mapu imaoneka yokoma, koma ndikuchenjezeni. Mbali yaikulu ndi msewu wa leni imodzi kupita, imodzi kubwera, ndipo pakati pa tauni ya Yelm pali maloboti amene amalephera ngakhale magalimoto a tsiku wamba. Pakati pa Roy ndi Spanaway mumadutsa m'nkhalango ya asilikali, mdima wa ndiwe yani m'nyengo yozizira, mvula ikuwaza, agwape akudumpha msewu. Ine ndimapita kumeneko pokhapokha I-5 itatsekedwa kapena patatsala leni imodzi. Ngati magalimoto akungoyenda pang'onopang'ono, ndimakhala pomwepo, chifukwa ndinayesapo kangapo konse ndipo anzanga amene anapirira pa I-5 ankafika ine ndisanafike.

Amene analipo mu Disembala 2017 amaikumbukira bwino njira imeneyi. Pa 18 mwezi umenewo sitima ya Amtrak inagwa pa mlatho wa njanji pafupi ndi DuPont, anthu atatu anamwalira, ndipo mbali ya I-5 yopita kum'mwera inatsekedwa mpaka pa 20. Aliyense anathamangira ku Roy ndi ku Yelm, ndipo ulendo wa mphindi zochepa unasanduka wa maola. Amene anafikako bwino ndi amene anazungulira kumadzulo.

Njira ya kumadzuloyo ndi yaitali kwambiri, koma imayenda. Kuchokera ku Olympia tengani US 101 mpaka ku Shelton, kenako SR 3, mupatukire SR 302 pafupi ndi Allyn mpaka ku Purdy, ndiye SR 16 ikuwolotsani pa mlatho wa Tacoma Narrows. Pa mlathowo mumalipira mukamalowa ku Tacoma, koma pobwerera simulipira. Thirani mafuta okwanira musanayambe, ndipo imbirani kuntchito nthawi yomweyo kuti adziwe.

Pali tinjira tiwiri tating'ono tothandiza pamene vuto lili malo amodzi. Ngati ngozi yachitika pakati pa geti lalikulu ndi Lakewood, tulukani pa 119, tsatirani msewu wa DuPont-Steilacoom mpaka ku Steilacoom, kenako Steilacoom Boulevard ikakufikitsani ku Lakewood. Ngati vuto lili pa mlatho wa Nisqually, Old Pacific Highway imawoloka mtsinjewo pa mlatho wina n'kukakubwezerani pa I-5 pa 116. Timisewu timeneti timadutsa pa makomo a anthu, ndiye yendani mwaulemu.

Chenjerani ndi foni. Miyezi yanga yoyamba inandionetsa njira yachidule, ndipo ndinangoona ndafika pa geti la asilikali, kumbuyo kwanga magalimoto ali ndondondo. Msilikali wa pa geti anandipempha chiphaso cha malowo, ndinalibe. Anandilankhula mwaulemu, n'kuimitsa anzake kuti nditembenuke, koma mphindi 25 zinapita ndipo mtima unandigunda tsiku lonse. Misewu ya mkati mwa JBLM si ya aliyense. Zikakuchitikirani, musatembenuke nokha mwadzidzidzi. Pitani pang'onopang'ono mpaka pa mlonda, tsitsani galasi, fotokozani kuti mwasochera, ndipo chitani zimene akuuzeni.

Ngati muli ndi mnzanu wa shifiti imodzi, kwerani galimoto imodzi. Kuyambira 2021 pali leni ya HOV pakati pa Thorne Lane ku Lakewood ndi DuPont, ya galimoto zonyamula anthu awiri kapena kuposa, ndipo madzulo imakudutsitsani pambali pa mzere wonse uja. Mukalowamo muli nokha apolisi amalipiritsa. Amene mumagwira ntchito ku Seattle, siyani galimoto ku Lakewood mukwere sitima ya Sounder, kapena basi ya Sound Transit yochokera ku DuPont. Mabasi a Intercity Transit a ku Olympia ndi Lacey salipiritsa kuyambira Januwale 2020, ndipo ena amafika ku Lakewood. Ine basi sinditha kuigwiritsa ntchito chifukwa masana ndimawatengera agogo kuchipatala pa galimoto, koma mnzanga wina amene timapemphera limodzi amakwera imeneyo tsiku lililonse, ndipo amagona ulendo wonse.